Bokosi Limene Linatenga Dzina la Mkazi Wanga

Tsikulo kunatentha kuyambira m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene phiri la Michesi limabisika mu utsi wa matchire, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya mango osapumira. Mphepo kunalibe. Pamsika wa Chiringa ndinkamva mabelu a njinga, nandolo akukhuthulidwa m'matumba, ndi munthu wina akukhoma lata chapatali. Chigayo chinali chete, mawailesi a m'magolosale nawonso ali chete, pakuti magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake.

Ndinabwera kudzagulitsa nandolo. Panali patapita miyezi isanu chiikire mkazi wanga m'manda, ndipo aka kanali koyamba kufika pamsika chichitikire malirowo. Ndinaima pamzere wa sikelo, thumba lili pa njinga. Mwadzidzidzi babu la pakhonde la golosale ina linayaka, chigayo chinayamba kulira, ndipo kutsidya kwa msewu ndinamva munthu akukoka mpweya, monga amachitira woti ayambe kuyimba. Mpweya umenewo ndinauzindikira mawu asanatuluke.

"Mwakonzeka?" anafunsa mkazi wanga.

Anafunsa mokweza, msika wonse n'kumva. Akabaza amene amadikira anthu pansi pa mtengo wa kesha anayankha onse pamodzi, ena osadzutsa n'komwe mutu pa bawo: "Takonzeka, mayi!" Kenaka iye anayamba nyimbo yekha, amayi anzake n'kumulandira.

Njinga inandipulumuka, thumba n'kuphulika. Mayi wina anandithandiza kuwola nandolo osandiyang'ana kumaso. Ndinaona kuti pamzere wonse palibe amene anadabwa. Onse ankayang'ana pansi, kapena kwina. Wodabwa ndinali ine ndekha.

Sindine munthu wokhulupirira za mizukwa. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndisanafike n'komwe kunyumba mutu wanga unali utandiuza kale chimene chinachitika. Zaka ziwiri asanamwalire, mkazi wanga ndi amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu anapita kuboma kukajambulitsa nyimbo zawo. Wojambulayo anaiwala kudula poyambira pa nyimbo imodzi, pamene iye ankafunsa anzake ngati akonzeka. Nyimbozo zinafalikira kudzera kwa anthu oika nyimbo m'mafoni, ndipo kuchokera kumeneko imodzi inakalowa m'makina oyimba a pa bala ya kutsidya kwa msewu. Makinawo magetsi akabwerera amadzuka okha, n'kuyamba nyimbo imene inatsala m'kati. Zonsezi ndinazimvetsa. Koma miyendo yanga sinamvetse. Kuchokera ku Chiringa mpaka kwathu ndinayenda wapansi, njinga ndikukankha.

Makina amenewo ndinkawadziwa kale, ngakhale ndinali ndisanawaone ndi maso. Mkazi wanga anagulitsa zitumbuwa ndi nyemba za kalongonda moyang'anana ndi bala imeneyo kwa zaka zambiri, pafupi ndi mtengo wa akabaza, ndipo ankabwera nazo nkhani zake kunyumba. Chinthucho chinalibe dzina limodzi. Mwini bala, amene anakachigula kutauni, ankati jukubokosi, ndipo ankakwiya munthu akatchula mwina. Akabaza ankangoti juku. Okalamba ankati chilimba, ena galamafoni, poganizira zimene anaziona paubwana wawo. Amalonda ochokera ku Mozambiki ankati vitorola. Amayi a pamsika ankati chimeza, chifukwa cha amuna awo amene ankabwerera kunyumba m'matumba muli mbee. Abusa athu anachitchulapo kamodzi paguwa kuti wailesi ya zidakwa. Ine ndinkati bokosi. Mkazi wanga yekha ankati wopemphapempha, pakuti sayimba asanapatsidwe kanthu. Ankanena zimenezi akuseka. Sankadana nalo. Ankati tsiku limafulumira kutha nyimbo zikamamveka.

Nditafika kunyumba ndinapeza mwana wanga wamkazi atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akusankha mpunga. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Anandiyang'ana kamodzi kokha n'kuika lichero pansi.

"Mwawamva," anatero.

"Iwe umadziwa?"

"Aliyense amadziwa, ababa. Tinkangoti musamapite kumsika msanga."

Ndinati si kanthu, nyimbo ndi ya Mulungu, mwina wina woledzera adzaimva n'kutembenuka mtima. Ndinanena zimenezi kuti ndidzilimbitse. Iye anapukusa mutu.

"Nyimbo si vuto. Kodi mukudziwa mmene akulitchulira bokosilo masiku ano?"

Anandiuza. Ankalitchula dzina la amayi ake. Dzinalo sindilemba pano.

Kwathu kuno dzina la womwalira sitilitchula chisawawa. Timati malemu, kapena amene anatisiya aja. Dzinalo limakhala likudikira mwana. Mtsikana woyamba kubadwa pamtundu akalitenga, m'pamene limabwereranso pakamwa pa anthu. Achibale onse a mkazi wanga anali atagwirizana kale pa tsiku lometa kuti mwana wanga akadzabereka mtsikana, dzina ndi limenelo. Ine sindikhulupirira kuti munthu amabwerera mwa mdzukulu wake. Amene anagona mwa Ambuye akudikira lipenga, osati mimba ya mwana wake. Koma ndinkawerenga miyezi. Ndinkafuna kudzaima pakhomo langa n'kuitana dzinalo mokweza, wina n'kuyankha. Agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi kuti mkazi wanga, mwanthabwala, ndipo ndinali nditayamba kale kudziseka ndekha poganizira nthabwala imeneyo.

"Mwana wanga sadzatchedwa dzina la bokosi la ku bala," anatero mwana wangayo. "Azikapita kusukulu anzake n'kumamuuza kuti tiponye khobidi uyimbe? Ayi, ababa. Ndinauza kale amayi aang'ono kuti afune lina."

Ndinamupempha kuti andipatse nthawi. Sanavomere, komanso sanakane. Anatola lichero lake.

Lachiwiri lotsatira, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndinalowa mu bala kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Ndinavala jekete la kutchalitchi ngakhale kunkatentha, kuti wondiona adziwe kuti sindinabwerere mowa. M'katimo munali mdima ndi fungo la masese ogona. Bokosilo linali pakona, lotalika mpaka pachifuwa panga, kutsogolo kuli galasi, tinyale tofiira ndi tobiriwira tikuthamangitsana m'mbali mwake popanda phokoso. Patsogolo pake panaima bambo wina wovala gambuti. Analimenya mbama m'mbali, kawiri, n'kutchula dzina la mkazi wanga.

"Iwe, usandidyere khobidi langa! Yimba! Wayamba matama eti?"

Anzake awiri pa benchi anaseka. Wina anati, "Mmenye kumunsi, kumtundako samva."

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala naye, ndipo dzanja langa silinamukhudzepo mwaukali. Ndinaima pakhomopo n'kumva kutentha m'khutu, ngati mbamayo yafikira ine.

Mwini bala anandiona. Ndi munthu wonenepa, waulemu wake, ndipo pa maliro a mkazi wanga anabwera. Anathamanga kuchokera kuseri kwa kauntala n'kukankhira wa gambutiyo panja, anzake aja n'kutsatira okha.

"Madala, pepani. Pepani kwambiri. Mukanatuma uthenga ndikanabwera ndine kunyumba."

Ndinamufotokozera za mwana amene akubwera. Anamvetsera manja atagwira kumbuyo.

"Nyimbo ndichotsa lero lomwe," anatero. "Ngakhale ndiyo imene anthu amaikonda kuposa zonse, ndichotsa. Koma dzina, madala, sindinaliike ndine. Ine ndimati jukubokosi, funsani aliyense. Dzinalo m'katimu mulibe. Ndingatsegule kumbuyoku muone, muli mawaya okhaokha."

Ndinati ndamva. Kenaka ndinapempha chinthu chimene sindinakonzekere kupempha. Ndinati asanachotse ndiimve kamodzi.

Bokosilo limalandira makobidi akale, amene masiku ano sagula ngakhale machesi. Mwini bala amawasunga m'chitini, n'kumasinthitsa kwa ofuna nyimbo. Ananditolera limodzi n'kundiika m'manja. Linali lozizira ngati lachokera m'madzi. Anandionetsa kabowo, anadina nambala ndi chala chake, n'kutuluka panja kukaima pakhonde. Khobidilo ndinalimva likutsika m'kati, likugunda apa ndi apo, mpaka linafika pansi pa anzake. Tinyale tija tinaima.

Anakoka mpweya. Pafupi chonchi ndinamva zimene pamsika sindinamve: kakhosi kake kakuuma pang'ono, ndi chibangili chake chikugunda pa chinthu china.

"Mwakonzeka?"

Tsiku lojambulalo amayi anzake ayenera kuti anangogwedeza mitu, pakuti pambuyo pa funsolo pali bata. Si lalitali. Mtima umagunda katatu. Akabaza ndiwo ankadzaza batalo ndi kuyankha kwawo, koma tsopano munalibe wina mu bala monse, ndipo iye ankadikira. Ndinaona nkhope yanga pagalasi, pakamwa pali potsegula. Sindikudziwa chimene ndikanayankha. Nyimbo inayamba, ndipo ndinagwira pamwamba pa bokosilo mpaka inatha. Pamwambapo panali pofunda.

Nditatuluka ndinapita pansi pa mtengo wa kesha. Akabaza ali ndi tcheyamani wawo, bambo wa imvi zochepa, wa mano otalikirana, amene wapalasa njinga pamsika umenewo kuyambira kale. Atandiona anachotsa chipewa, anzake n'kusiya bawo.

"Takulandirani, adala. Pampando apa. Iwe, choka pa chidebepo, ukhalira chiyani ngati ndiwe mlendo?"

Ndinafunsa kuti anayambitsa ndani kutchula bokosilo ndi dzina lija. Anayang'anana. Wina anati ndi uyu, winayo anati bodza, iwe ndiye unayamba tsiku la mvula lija. Tcheyamani anawaletsa ndi dzanja.

"Tonse, adala. Musafune mmodzi. Amayi aja ankakhala apo, pamene pali mwalapo. Munthu ukabwera kuchokera ku Jenala ndi katundu, thukuta lili kamukamu, ankakuponyera chitumbuwa n'kukuuza kuti idya usafere pamaso panga. Atamwalira pamalopo panangoti zii. Ndiye tsiku lina uyu anamva nyimbo ija mu juku, anabwera akuthamanga, akuti amayi ali umo. Tinayamba kumati tiyeni tikawadzutse amayi. Kenaka basi, dzina linakakamira."

"Ndipo amene akuwamenya mbama aja?"

Anakanda m'mutu. "Amenewo ndi oledzera, adala. Sanawadziwe n'komwe. Angolitola dzinalo pansi."

Ndinawauza za mdzukulu. Wamtali wina amene ankaseka nthawi yonseyi anati, "Aaa, ndiye talakwa zedi." Pomwepo anapangana lamulo: aliyense wotchula bokosilo ndi dzina lija abwerere kumapeto kwa mzere, anyamule munthu anzake onse atanyamula. Anandilonjeza kuti pofika Khirisimasi dzinalo lidzakhala litayera. Wina anandinyamula ndi njinga mpaka kunyumba.

Anayesetsa, zimenezo ndikuchitira umboni. Pamsika ndinkamva akukumbutsana. "Wati chiyani? Kumbuyo!" "Ndati juku ine, makutu ako ndiwo ali ndi thonje!" Nyimbo nayo inachotsedwadi. Magetsi akabwerera, bokosilo linkadzuka ndi nyimbo za gitala za ku Mozambiki. Ndinadzipeza ndikupita kumsika kawirikawiri popanda chogula, makamaka masiku amene magetsi athima, n'kumaima pafupi ndi golosale ija kuyang'ana babu. Likayaka ndinkagwira mpweya. Ndinali nditapempha ndekha kuti achotse, koma ndinkabwerera kunyumba ngati munthu amene wapita kukachingamira mlendo, basi n'kufika yopanda iye.

Kamodzi kokha, kumayambiriro kwa Disembala, mitambo itada cha ku Mozambiki koma mvula isanagwe, babu linayaka ndipo ndinamva mpweya uja ukukokedwa. Mpweya wokha. Kenaka magitala. Ndinawoloka msewu kukafunsa mwini bala. Analumbira kuti anafufuta yekha, anandionetsa mndandanda wa nyimbo pagalasi, nambala ija palibe. Anati mwina inali foni ya munthu wodutsa. Mwina inalidi foni. Mayi wogulitsa tomato amene anali pafupi nane ndinamufunsa ngati wamva kanthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Pitani kunyumba, abambo, mvula ikupezani."

Chimene chinandithetsa mphamvu chinachitika sabata ya Khirisimasi. Ndinapita ku Jenala kukaona mbale wanga wodwala, ndipo pobwerera ndinaima pa tiyirumu kuti ndimwe tiyi. Amuna awiri amene sindinawaonepo ankacheza patebulo la pambali. Mmodzi anati bala ya kuseri kwa msika wawo yagula chinthu chatsopano. Mnzake anafunsa kuti chinthu chanji. Woyambayo anatchula dzina la mkazi wanga, monga mmene munthu angatchulire wilibala kapena sefa.

"Ngati wa ku Chiringa uja?"

"Eya, koma uyu ndi wamng'ono. Amakhomedwa pakhoma."

Ndinaika kapu pansi n'kufunsa mwaulemu kuti dzina limeneli likuchokera kuti. Anati sakudziwa, ndi mmene zimatchedwera basi. Winayo anati mwina ndi dzina la kampani imene imapanga. Anandifunsa ngati ndikufuna kugula.

Ndinalipira tiyi wanga n'kutuluka. Panjira yonse ndinkaganiza za lamulo la akabaza, mmene ankabwezana kumapeto kwa mzere chifukwa cha dzina limene linali litadutsa kale midzi khumi pa njinga zawo zomwezo. Nditafika sindinamuuze mwana wanga. Koma mwamuna wake amagula mpunga cha komweko, ndipo ndinaona pankhope pa mwana wangayo kuti wamva.

Mwana anabadwa mu Januwale, mvula ili pakati. Anali mtsikana. Mchombo utagwa tinasonkhana pakhonde, ine, mwana wanga ndi mwamuna wake, ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, amene ananyamula khandalo potuluka nalo m'nyumba. Mlamu wanga anayesa komaliza.

"Anthu adzaiwala, mwanawe. Zinthu zimenezi zimawonongeka. Pofika poti mwanayu ayambe sukulu, mabokosiwo adzakhala ali kudzala."

"Akadzaiwala mudzandiuze, amayi aang'ono," anayankha mwana wanga. "Ine ndawamva amayi anga akutukwanidwa ndi anthu oti sangathe n'kuima. Ameneyu ayi."

Onse anayang'ana ine. Ndikanalimbikira mwina akanagonja, pakuti ndi mwana womvera. Ndinayang'ana khandalo. Linali ndi makutu aang'ono opindika kumtunda, ngati a agogo ake. Ndinati mayi wa mwana wanena. Anamutcha dzina lina, labwino ndithu, la m'Baibulo. Ndinamunyamula n'kumuitana nalo, ndipo pakamwa panga linamveka ngati nsapato yobwereka.

Patapita masiku angapo tcheyamani wa akabaza anabwera ndi anzake awiri kudzaona mwana. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa papaya, matope ali mpaka m'maondo, atanyamula sopo ndi paketi ya shuga. Anali osangalala. Wamtali uja anayamba kufuula ali panjira.

"Odi kuno! Tabwera kudzaona amayi athu! Abwera ndi zitumbuwa kapena abwera chimanjamanja?"

Mwana wanga anawapatsa mkeka, n'kuika khandalo m'manja mwa tcheyamani. Iye analiyang'ana akumwetulira ndi mano ake otalikirana aja.

"Ndiye tiziti ndani? Tinene tokha kapena mutiuza?"

Mwana wanga anatchula dzina la m'Baibulo lija. Tcheyamani anadikira, ngati kuti pali lina likubwera. Kenaka anayang'ana ine. Anabweza khandalo pang'onopang'ono, ndi manja awiri.

"Koma tinasiya, adala," anatero wamtali uja. "Mulungu akuona, miyezi itatu sindinalitchule."

"Khala chete," anatero tcheyamani. Anakhala akupotokola chipewa chake. "Ife tinkaona ngati tikuwasunga. Kumeneko n'kumene tinkaona."

Ndinaimirira. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu monga mwa mwambo, matayala akulira m'matope. Potsanzikana anandipatsa dzanja, ndipo ndinalilandira, koma mtima wanga sunali m'dzanjamo. Iye anadziwa.

Mgonero wa Ambuye wotsatira sindinadye. Ndinakhala pa benchi anzanga akupita kutsogolo, pakuti sindikanatha kutenga mkate ndili ndi anthu kukhosi. Abusa anandifunsa pambuyo pake, ndinati ndikukonza kanthu. Ndinkafufuza amene ndingamuloze chala. Wojambula amene sanadule poyambira sanadziwe kuti mayiyo adzamwalira. Mwini bala anachotsa nyimbo tsiku lomwe ndinapempha. Wa gambuti uja ankamenya lata ndi galasi. Anthu a ku Jenala ankayesa kuti ndi kampani. Otsala anali amuna a pansi pa mtengo aja, amene anamusowa mkazi wanga mpaka kukamufuna m'bala, pamene ine mwamuna wake ndinali nditatseka pakamwa kudikira mwambo. Iwo ndiwo anandilanda dzinalo, ndipo sadzatha kulibweza. Mpaka lero likutchulidwa m'mabala a m'chigwa chonsechi, ndipo pakhomo panga palibe wolitchula.

Chimanga chitayamba kuuma ndinapita ku Chiringa, ndinakhala pa chidebe pansi pa mtengo wa kesha, n'kuwauza akabaza onse ali pomwepo zimene zinali kukhosi kwanga. Ndinawakhululukira.